Mayi Pakuthina ndi Katani Yawo Yobiriwira

Achemwali anga ndi telala wa zovala za akazi, ndipo palibe mawu amene amadana nawo ngati akuti "zili bwino." Muvale diresi limene akusokerani, muime pagalasi, munene kuti zili bwino, muone ngati akuthokozeni. Akuuzani mukweze manja, mukhale pampando, muwerame ngati mukutola singano, mukoke mpweya mpaka nthiti zitambasuke. Ndiyeno akufunsani, mapini ali pakamwa, "Pakuthina pati?" Funso limeneli linasanduka dzina. Msewu wonse unkawatcha Mayi Pakuthina, ndipo iwo ankavomera osadandaula.

Ine ndine mng'ono wawo. Ntchito yanga ndi kusita, kusokerera mabatani, ndi kuwakumbutsa kuti pakamwa pawo padzatipachika tsiku lina. Ntchito yachitatuyi ndinailephera.

Chipinda chathu chinali kumapeto kwenikweni kwa nyumba yaitali ya mashopu. Kutsogolo, choyang'ana kumsewu, kunali hadiweya ya eni nyumba. Mukalowa m'kanjira ka m'kati munkadutsa butchala, kenako wometa tsitsi, kenako ife. Tinali ndi makina opalasa ndi mapazi, tebulo lodulirapo nsalu, galasi long'aluka pakona, ndi katani yobiriwira yopachika pawaya imene makasitomala ankavulira kuseri kwake. Panja panali benchi la amuna operekeza akazi awo, amene ankakhala maso ali pafoni ngati ali pamzere wa kuchipatala. Achemwali anali ndi lamulo limodzi: sasoka chovala mwini wake palibe. Wina akatumiza diresi lakale kuti atengerepo muyezo, ankalibweza. "Thupi silituma mthenga," ankatero. "Libwere lokha."

Sanabadwe olankhula chonchi ayi. Anakwatiwa ali ndi zaka makumi awiri ndi makaniko wa magalimoto, alamu anga, munthu wofatsa amene zala zake sizinkayera ngakhale asambe ndi sopo wamtundu wanji. Ana anayi anabadwa m'banja limenelo achemwali asakudziwa kuti mkazi nayenso ali ndi kofika. Zimene ankadziwa n'zakuti mwamuna akamaliza nkhani yatha, iwe n'kutembenuka, n'kuyamba kuganiza za yunifolomu za ana. Alamu akafunsa, ndipo sankafunsa kawirikawiri, yankho linali lomwe lija la makasitomala.

Amene anawatsegula m'maso ndi nesi wina wachikulire amene anabwera kudzasoketsa siketi. Pomuyeza, achemwali anaseka kuti zakuchipinda ndi ntchito ya pakhomo ngati kutsuka mbale, umangoichita kuti ichoke. Nesiyo sanaseke. Anatenga choko cholembera nsalu, n'kujambula patebulo thupi la mkazi mmene lilili kumusi, chiwalo chilichonse n'kuchitchula dzina. Pomaliza anati, "Muli ndi galasi lalikulu chonchi, mwaoneramo matupi a tawuni yonse. Lanu munalionapo?" Achemwali anafufuta chojambulacho mothamanga ngati aba. Koma masana a tsiku lomwelo anandituma kukagula ulusi umene tinali nawo kale, n'kukhoma chitseko.

Anandiuza patapita nthawi kuti chimene chinabwera pambuyo pa kukoma kumene anadzipezera tsiku limenelo chinali mkwiyo. Anapsera mtima amayi athu, azakhali athu, ndi aliyense amene anawaphunzitsa kusita kolala ya mwamuna ndi kumusangalatsa, koma osawatsina khutu kuti m'thupi lawo lomwe muli chinthu chawochawo. Achemwali anawauza alamu zonse mosapsatira. Alamu anagwa nkhope, n'kusamukira pasofa, n'kumadya ali chete ngati mlendo. Ndiye tsiku lina anabwera kuchokera kugalaja, n'kukhala m'mphepete mwa bedi ovololo isanavulidwe, n'kunena kuti, "Galimoto ikabwera ndimafunsa mwini wake kuti phokoso likumveka pati. Iwe sindinakufunsepo bwinobwino. Ndiuze." Anakhala zaka zowerengeka zokoma matenda asanawatenge alamu. Achemwali amati zaka zabodza zinali zambiri, zoona zinali zochepa, ndipo chimenecho sadzachikhululukira mpaka kumanda.

Kuyambira pamenepo katani ija inakhala ndi ntchito ziwiri. Sikuti ankalankhula ndi aliyense. Ankasankha akazi akuluakulu, makamaka amene zipi ikuwaluma kumsana iwo n'kumamwetulira. Ena ankakwiya n'kutenga nsalu yawo. Ambiri ankayamba ndi kuseka, n'kumaliza ndi kupukuta maso ndi kachidutswa ka nsalu. Ine ndinkasita, makutu ali tcheru, mtima uli m'mwamba, chifukwa khoma la pakati pa ife ndi wometa linali lamatabwa opyapyala.

Amene anatigwetsera denga ndi mkazi wa mwini butchala. Mwamuna wake tinkamutcha a Chikwanje, chifukwa ankalankhula mmene ankadulira mafupa, kamodzi n'kamodzi. Mkaziyo anali wofatsa, mayi wa ana atatu, woyenda ngati akupepesa pansi. Anabwera kudzayesa diresi la ku ukwati wa mng'ono wake, ndipo atakweza manja ndinaona ndekha nsalu itamudya m'khwapa. Iye anati zili bwino.

"Mwatupa m'khwapa monsemu, mukuti zili bwino," anatero achemwali. "Kunyumbanso mumatero?"

"Kunyumba chiyani, mayi?"

"Kuchipinda. Bambo akunyumba akafika, inu mumafika?"

Ine ndinaimika simbi kuti ndingapsereze malaya a eni ake. Kenako mawu anatuluka kuseri kwa katani, aang'ono kwambiri. "Ine ndimaona ngati ndinabadwa wopanda chimenecho. Ndimangochita kaphokoso kuti amalize msanga."

"Simunabadwe wopanda kanthu, mwana wa amayi. Khalani apa." Ndinamva mpando ukukokedwa. "Akazi ambiri safika ndi kulowa n'kutuluka kokha, ndiye lekani kudziona ngati wolumala. Njira yaikulu ili kunja, pamwamba, pakanyemba paja. Pamafuna dzanja lofewa, osati ngati munthu akupala mamba a nsomba. Wina pamafuna mozungulira, wina cham'mbali, chifukwa pamwamba penipeni pamamuwawa. Kufika kwa pamenepo kumabwera kwakuthwa, ngati kuyetsemula kumene mwakhala mukukudikirira. Kulinso kwa m'kati, kongolowa pang'ono, mbali yoyang'ana kumimba. Kumeneko kumachedwa, kumafuna kukanikiza osati liwiro, ndipo kukabwera kumagwira thupi lonse mpaka miyendo kukana kuyenda. Ena amayamba kumva ngati akufuna kutaya madzi, n'kuchita mantha n'kusiya, chonsecho anali atatsala pang'ono. Ena zimawabwerera zonse ziwiri nthawi imodzi, amenewo tsiku limenelo ndiwo zimapserera pamoto."

Mkaziyo anaseka, chiseko chotsekedwa ndi dzanja.

"Mukuseka? Ndinayezapo mayi wina pano, mawere okha amamufikitsa. Wina amafuula, wina amangokhala chete misozi n'kumatsika. Wina kamodzi basi, usamukhudzenso. Wina apume pang'ono, ulendo upitirire. Ndi miyezo yonseyo, palibe wolakwika."

"Ndiye ine ndili pati?"

"Ndingadziwe bwanji ine? Tepi yanga siifika kumeneko. Kadziyezeni nokha kaye. Masana, ana ali kusukulu, chitseko chokhoma, manja osamba, osathamanga ngati muli ndi basi yokwera. Tsiku loyamba likakanika, mawa liliponso. Mukaona kuti mwauma, kufamase kuli mafuta ake, kagulani, mbewa yamanyazi inafera kuuna. Pakawawa siyani, ndipo kuwawako kukapitirira pitani kuchipatala, musamapirire zilizonse. Mukadziwa njira, muwagwire dzanja bambowo muwalondolere. Koma kaphokoso kabodzako kathe. Mukumuuza munthu kuti wafika pakhomo pomwe akugogoda kwa aneba."

Atatuluka ndinawauza achemwali kuti ameneyu akanamusiya, mwamuna wake ali zitseko ziwiri kuchokera pano. Iwo anangondipatsira diresi lija kuti ndisule ulusi wa m'khwapa.

Pobwera kudzatenga diresi, mkaziyo sanalowe mopepesa. Anawanong'oneza achemwali mawu amodzi, "Ndapeza," ndipo onse awiri anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinasangalala nawo, sindinama. Koma anachitanso chinthu chachiwiri chija. Kaphokoso anakasiya, ndipo a Chikwanje atafunsa kuti wadwala chiyani, iye anawauza zoona, kuti zaka zonsezi sanafikepo, ndipo anayesa kuwagwira dzanja.

A Chikwanje sanamve kuti mkazi wawo akuwapempha kanthu. Anamva kuti alipo wina amene wamuphunzitsa, ndipo m'mutu mwawo wophunzitsa zoterozo sangakhale wina koma mwamuna. Mkaziyo atalumbira n'kutchula achemwali, zinthu zinangoipiraipira. Anabwera m'mawa, epuloni ili magazi okhaokha, n'kuima pakhomo pathu mpaka kuwala kutsekeka.

"Muno mumasoka zovala kapena mumaphunzitsa uhule?" anakuwa. "Mkazi wanga anali bwinobwino! Lero akundiuza ine pogwira! Ine!"

Makina a wometa anazima, kasitomala atametedwa mbali imodzi. Achemwali sanasiye kupalasa. Anafika kumapeto kwa msoko, n'kudula ulusi, n'kunena kuti, "Bambo, mwatseka kuwala."

Eni nyumba si munthu woipa, koma phokoso amaliopa kuposa moto, ndipo butchala ndi imene inkakoka anthu kulowa m'kanjira kaja. Anatiuza kuti mawa lake m'mawa tikakumane kuseri, pafupi ndi thanki yamadzi, ndipo anatiuziratu zimene ankafuna. Achemwali apepese kwa a Chikwanje pamaso pa onse, alonjeze kuti azisoka pakamwa pali potseka. Akakana, tichoke mwezi ukatha.

Tikutseka shopu madzulo amenewo ndinawagwadira achemwali ndi mawu. Ndinali ndi mantha, ndiponso ndinali wokwiya. Chipinda chimenecho ndi chimene chinaphunzitsa ana awo ndi anga, ndipo makasitomala athu anali anthu odutsa mumsewu umenewo, osati otisaka.

"Achemwali, pepani ndi mawu chabe, sadula lilime. Nenani, iwo akhutire, ife tizipitiriza chamunsimunsi ngati kale."

"Ndipepese kuti ndalakwa chiyani?"

"Zilibe kanthu kuti chiyani! Mungonena."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Mkazi uja adzakhala ataima pomwepo. Ndikapepesa, ndamuuza kuti wolakwa ndi iye, abwerere kukaphokoso kake. Iwenso, mng'ono wanga, ukufuna ndinene kuti zili bwino?"

Ndinamenyetsa chitseko mwamphamvu moti loko anachita kuvuta kulowa.

Kuthanki kuja tinapezako eni nyumba, a Chikwanje atavala jasi lawo loyera la ntchito, mkazi wawo maso ali pansi, ndi wometa amene sanaitanidwe koma anapeza chifukwa chotsukira zipeso nthawi yomweyo. Eni nyumba analankhula mofatsa za kukhala bwino ndi anzathu, n'kumaliza ndi kuti, "Mayi, inu ndinu wamkulu. Nkhani za kuchipinda ndi za anthu awiri."

"Mwanena zoona, bambo, ndi za anthu awiri," anatero achemwali. "Ine ndangomukumbutsa wachiwiriyo kuti nayenso alipo."

Kenako anatembenukira kwa a Chikwanje. "Jasi mwavalalo ndinasoka ndine, chifukwa akazi anu anandipempha, ngakhale za amuna sindisoka. Munabwera nokha, ndinakuyezani. Munalibweza. Munati likuthina m'khwapa, simungakweze chikwanje. Ndinasula, ndinasokanso. Munalibwezanso, munati batani lili patali. Kodi ndinakufunsani kuti wakuphunzitsani ndani kuti jasi limathina? Ndinakutchulani dzina loipa? Munamva ndi thupi lanu, munanena, ine ndinakonza. Akazi anu anena kamodzi kokha pa zaka zonsezi, mwasonkhanitsa nyumba yonse. Safunsa anadya phula, bambo. Mkazi amene akufuna wina sagwira dzanja la mwamuna wake kuti alilondolere."

A Chikwanje anayang'ana jasi lawolo. Mitsempha ya m'khosi inali itaima. Eni nyumba anatsokomola n'kufunsa kuti, "Ndiye kupepesa kuja?"

"Kulibe. Ndipo wina akadzandiuzanso kuti zili bwino pomwe ndikuona kuti zikumudya, ndidzamufunsa. Kaya ndi muno, kaya ndi pansi pa mtengo."

Mwezi unatha, ndipo tinachokadi. Pa akazi onse amene analirira kuseri kwa katani ija, palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzatilankhulira kwa eni nyumba. Ena ankatilambalala mumsewu ngati tili ndi chifuwa chopatsirana. Zimenezo zinandipweteka kuposa kukuwa kwa a Chikwanje, ndipo ndinawauza achemwali kuti walira mvula walira matope. Iwo anati akaziwo ali ndi nyumba zoti abwerereko madzulo, ndiwasiye. Sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Anatsitsa katani, n'kuipinda bwinobwino ngati nsalu ya kasitomala.

Wotithandiza kunyamula makina anali wometa uja. Titawakweza pagalimoto anapukuta manja, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa motsitsa mawu, "Mayi, musanapite. Paja munati ena cham'mbali?" Kani zaka zonsezi khoma lamatabwa lija linali ndi mwana wasukulu kuseri kwake. Achemwali anamuuza kuti akafunse kunyumba, ndipo ndi tsiku lokhalo mwezi umenewo limene ndinaseka.

Tsopano timasokera pakhonde la nyumba ya achemwali, kutali ndi msewu waukulu. Mphepo ikawomba fumbi limalowa m'nsalu, mvula ikabwera timathamangitsa makina kulowa nawo pabalaza. Ine ndimasitira kukhitchini. Ntchito inachepa kwambiri, ndipo pali masiku amene timangoyang'anana. Katani tinaimangirira kuchokera pachipilala kukafika pazitsulo za pawindo, ndipo imakupiza ngati ikuitana anthu amene sakubwera. Ndinakhala nthawi ndikuwalankhula achemwali zantchito zokhazokha.

Tsiku lina chakumasana geti linalira. Anali mkazi wa a Chikwanje, thukuta lili kamukamu chifukwa anayenda wapansi kuchokera pamene basi imathera. M'khwapa anali atapanira jumbo. Ine ndinaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno, chifukwa ndinali ndi mawu amene ndinamusungira. Iye anatulutsa jasi loyera lija, litang'ambika msoko wa paphewa.

"Akuti mulikonze," anatero. "Anapita nalo kwa telala wina, koma akuti likuthinanso."

Achemwali sanalilandire. "Nanga kwanuko?"

Mkaziyo anakhala pampando wopanda kuuzidwa. "Anakhala nthawi yaitali osandikhudza. Ine kaphokoso sindinabwerere. Ndinati kaya andithamangitse, koma bodza limenelo ndatopa nalo. Ndiye sabata yathayi anafunsa. Mokwiya, nkhope ili kukhoma, ngati akufunsa khomalo. Koma anafunsa. Anati, 'Ndiye pati?'"

Achemwali anavula magalasi. Munthu amene sanalire pochotsedwa m'chipinda chimene anakalambiramo anatenga kachidutswa ka nsalu patebulo n'kudziphimba nako kumaso, mapewa akugwedezeka. Ndinadziwa kuti sakulirira a Chikwanje, akuona munthu wa ovololo atakhala m'mphepete mwa bedi. Mawu amene ndinasunga aja ndinawataya, ndipo ndinapita kukatunga madzi akumwa a mlendo.

Pobwerera ndinapeza avalanso magalasi, akulitembenuza jasi lija ndi nsonga ya sizasi, kuyang'ana msoko wa telala winayo monyansidwa. Kenako analipinda n'kulibwezera m'jumbo.

"Muwauze abwere nalo okha," anatero. "Sindisoka chovala mwini wake palibe."